Phiri la Mulanje: Ulemu Wafika Mkungudza Utatha

Mu Julaye 2025, komiti ya UNESCO itakumana ku Paris idalemba phiri la Mulanje m'kaundula wa malo omwe ndi chuma cha dziko lonse lapansi. Aka n'kachitatu Malawi kulandira ulemu wotere. Paki ya Nyanja ya Malawi idalowa m'kaundulayu mu 1984, ndipo zojambula za pamiyala za ku Chongoni zidatsatira mu 2006. Anthu adakondwera, ndipo m'pake. Komabe ulemuwu wapeza zambiri zomwe zidatchukitsa phirili zitapita kale. Mu 2017 akatswiri adayendera nkhalango za pamwamba pa phiri kuwerenga mikungudza, ndipo adapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha ikadali chiimire.

Zomwe zachitikira mkungudza zikuchitikiranso nkhalango za m'munsi, njira za alendo, mitsinje ndi malo osunga mbiri ozungulira tauni ya Mulanje. Gwero lake ndi limodzi. Wotenga kanthu m'phiri amalandira ndalama yake tsiku lomwelo, pomwe wosamala phiri amalandira mochedwa, pang'ono, kapena salandira n'komwe. Malinga ngati zinthu zili chonchi, satifiketi yochokera ku Paris siingazimitse moto pa Lichenya, pamwamba pa phirili.

Zomwe zimakopa alendo

Phirili lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 65 kuchokera ku Blantyre, ndipo lidayala malo okwana masikweya kilomita pafupifupi 650. Nsonga yake yaitali, Sapitwa, ndi ya mamita 3,002, ndipo palibe ina yoiposa m'Malawi muno ngakhale m'maiko a Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe. Thanthwe la kumadzulo kwa nsonga ya Chambe ndi lotalika mamita pafupifupi 1,700, ndipo okwera matanthwe ndi zingwe amaliwerengera m'gulu la matanthwe aatali koposa mu Africa. Boma la atsamunda lidakhazikitsa nkhalango yotetezedwa ya phirili mu 1927, ndipo mu 2000 UNESCO idalizindikira ngati malo apadera a zachilengedwe.

Pamwamba pali nyumba zogona alendo monga Chambe, Lichenya, Chisepo, Thuchila, Chinzama, Sombani, Madzeka ndi Minunu, zotalikirana ulendo wa maola angapo. Bungwe la Mountain Club of Malawi, lomwe lidayamba mu 1952, lakhala likuthandizana ndi dipatimenti ya za nkhalango kuzisamala. Mlendo akafika pa Likhubula amapeza operekeza alendo ndi onyamula katundu akudikira mwa kasinthasintha, aliyense podziwa amene akubwera pambuyo pake pa mndandanda. Akakwera n'kufika kunyumba ya m'phiri madzulo, mlonda amakhala atatunga madzi ndi kusonkha moto, ndipo pathebulo pamakhala buku lomwe alendo amalembamo maina ndi njira yomwe adzera. Chaka chilichonse, nthawi yachisanu, kumachitika mpikisano wa Porters Race: othamanga amanyamuka pa Likhubula, kukwera Chambe, kudutsa ku Lichenya n'kutsikanso, ndipo akatswiri amamaliza pasanathe maola atatu mtunda womwe mlendo wamba amauyenda masiku awiri.

Ndi madera ochepa m'dziko muno omwe ali ndi zonsezi pamalo amodzi, pafupi ndi mzinda waukulu komanso msewu wa phula. Ichi n'chifukwa chake kuwonongeka kwake kuli kodandaulitsa.

Mmene mkungudza udathera

Mkungudza wa ku Mulanje sumera mwachilengedwe pena paliponse pa dziko lapansi kupatula pamwamba pa phirili. Dzina lake la sayansi, Widdringtonia whytei, lidachokera kwa Alexander Whyte, katswiri wa zomera yemwe adagwira ntchito pansi pa Harry Johnston, mkulu wa boma la atsamunda, m'zaka za m'ma 1890. Mu 1984 Dr Hastings Kamuzu Banda adaulengeza kukhala mtengo wa fuko. Thabwa lake ndi lonunkhira, chiswe sichilidya, ndipo silifulumira kuwola ngakhale likhale m'madzi. Ubwino umenewu ndi womwe udauphetsa. Atsamunda adafolera nawo nyumba ndi kupangira zitseko, okhoma maboti kunyanja amaufuna, ndipo osema ziboliboli amapangira mabokosi ndi ndodo zomwe alendo amagula m'mbali mwa msewu.

Mavuto ake adabwera motsatizana. A za nkhalango a nthawi ya atsamunda adabzala paini wochokera ku Mexico pa Chambe ndi malo ena, ndipo painiyo adafalikira yekha mpaka kulanda malo a mitengo yachilengedwe. M'zaka za m'ma 1980 kudabuka nsabwe za m'mitengo zochokera kunja zomwe zidaumitsa mikungudza yambiri. Kafukufuku adaonetsa kuti nkhalango za mkungudza zidatsika kuchoka pa mahekitala 1,462 mu 1989 kufika pa 845 mu 2004, ndipo pa mitengo itatu iliyonse yomwe idali chiimire, umodzi udali wouma kale.

Lamulo linkalola kucheka mitengo youma yokha, ndipo apa m'pomwe padalowera chinyengo. Munthu ankasenda khungwa la mtengo wamoyo kuzungulira tsinde, kapena kuuyatsira moto, n'kubweranso chaka chinacho kudzapempha chilolezo chocheka mtengo wouma. Mu 2007 boma lidasiya kupereka zilolezo, koma macheka sadaleke kulira. Pomwe mtengowu unkalowa mu mndandanda wa pangano la CITES loletsa malonda osalongosoka a zachilengedwe mu 2019, kunalibenso mitengo yoti n'kuiteteza ku malondawo.

Aliyense amene adakwerapo phirili m'zaka zimenezo adakumana ndi wonyamula matabwa. Amatsika wopanda nsapato, nkhata pamutu, thabwa lotalika kuposa iye mwini litapingasa, akuthamanga pang'onopang'ono pa miyala yoterera chifukwa kuima kumawawa kuposa kuyenda. Fungo la mkungudza limatsalira m'njira iye atadutsa kale. Pa anthu onse omwe thabwalo lidzadutse m'manja mwawo, iyeyu ndi amene amakhetsa thukuta lambiri n'kulandira ndalama yochepetsetsa, ndiponso ndi amene amagwidwa. Thabwa silidziyendera lokha kuchoka ku Sombani kukafika kunyanja. Pali wolilipira, mwini galimoto, ndi wina amene amayang'ana kumbali pa chipata kapena pa rodibuloko. Mkungudza sudathe ndi umphawi wokha. Udatha chifukwa anthu a ndalama adapeza njira yolembera amphawi ganyu yowononga, popanda wowaletsa.

Makala ndi moto

Mkungudza utatha, nkhwangwa idatsikira m'munsi. Kalembera wa 2018 adapeza anthu 684,107 m'boma la Mulanje, ndipo gawo lalikulu la nthaka yabwino ya m'mphepete mwa phiri lili m'manja mwa maesiteti a tiyi. Mabanja ambiri amalima kachigawo kosakwana kuwadyetsa chaka chonse. M'dziko muno mabanja oposa 9 mwa 10 alionse amaphikira nkhuni kapena makala, ndipo msika wa Limbe ndi Blantyre suli kutali. Masuku, mombo ndi mitengo ina ya m'munsi mwa phiri yakhala ikulowa m'mauvuni a makala, ndipo minda ya chimanga ndi chinangwa ikukwera m'malo otsetsereka omwe kale khasu silinkafikako. Lamulo la za nkhalango lidakonzedwanso mu 2020 kuti zilango zikhwime, koma lamulo limagwira ntchito pomwe pali alonda okwanira, olipidwa pa nthawi yake, oti angathe kugona m'phiri masiku angapo.

Mdani wina ndi moto. Kuyambira mu Ogasiti mpaka mvula itagwa, udzu wa pamwamba pa phiri umauma gwa. Alenje osaka mbira, akalulu ndi agwape ndi agalu amayatsa tchire kuti nyama zituluke, ndipo moto ukakumana ndi mphepo umayenda masiku angapo. Mtengo waukulu ukhoza kupirira, koma mbande ya zaka ziwiri kapena zitatu imapsa nthawi yomweyo. Ntchito yobzala ya zaka zisanu ikhoza kutha masana amodzi.

Zonsezi zimagwera pa ntchito yokopa alendo. Munthu wochokera ku Lilongwe kapena kunja salipira ndalama zake kuti adzayende pa lupsa pakati pa zitsa. Mitengo ikachoka, madzi amakumba njira zoyendamo n'kuzisandutsa ngalande. Alendo akachepa, woperekeza alendo amakhala milungu ingapo osafikiridwa pa mndandanda, ndipo mnyamata amene akadakhala wonyamula zikwama amakanyamula matumba a makala. Mliri wa Covid-19 mu 2020 udaonetsa poyera mmene ntchitoyi ilili yosakhazikika, ndipo kugwa kwa kwacha mu 2022 ndi 2023 pamodzi ndi kusowa kwa mafuta a galimoto zidachepetsa maulendo a Amalawi enieni. Chikhalirecho operekeza alendowa ndi amene amateteza miyoyo. Chiperoni chikatsika, munthu saona ngakhale mwala womwe uli patsogolo pake. Mu 2009 Gabriel Buchmann, mnyamata wa ku Brazil, adapitirira yekha ulendo wa ku Sapitwa ndipo adafera komweko. Luso lodziwa njira ndi nyengo ya phirili limatenga zaka kuti munthu alipeze, ndipo likachoka ndi eni ake silibwerera msanga.

Mbiri yomwe ikumira m'tchire

Pakati pa phiri la Mulanje ndi la Michesi pali mpata womwe apaulendo ogulitsa akapolo ankadzera popita kugombe la Quelimane. Mu 1893 boma la Johnston lidamangapo linga la Fort Lister, ndipo mbali ya kumwera lidamanga Fort Anderson, dzina lomwe boma la Mulanje lidadziwika nalo kwa zaka zingapo. Nkhondo zomwe zidatsatira, zolimbana ndi mafumu a Chiyao monga Matipwiri, ndi zomwe zidatseka njirayi. Fort Lister tsopano ili m'boma la Phalombe, lomwe lidapatuka ku Mulanje mu 1998. Ndi malo otetezedwa ndi lamulo, ndipo ali pa mndandanda wa njira za akapolo womwe Malawi idapereka ku UNESCO mu 2011. Koma wofikako amapeza zidutswa za makoma ndi manda ochepa, udzu utamera mpaka m'chiuno nthawi ya dzinja. Mwana wa sukulu amene waphunzira za malonda a akapolo m'kalasi sapezapo zambiri zomuuza kuti anthu omangidwa magoli adadutsa pomwe waimapo.

Mbiri ya tiyi nayo ili chimodzimodzi. Tiyi wogulitsa adayamba kubzalidwa ku Mulanje mu 1891, ndipo maina a Henry Brown ndi esiteti ya Lauderdale amatchulidwa pa chiyambi chimenechi. Malawi ili m'gulu la maiko oyamba mu Africa kulima tiyi wa malonda, ndipo malo ofufuzira za tiyi a ku Mimosa atulutsa mitundu ya tiyi yomwe ikulimidwa m'maiko ena. Alendo amajambula minda yobiriwira phiri lili kumbuyo, koma ndi ochepa amene amamva za thangata, kapena za Alomwe omwe adawoloka Ruo ndi Muloza kuthawa nkhanza za Apwitikizi n'kudzakhala manja omwe adakuza mindayo. Mwambo wa Mulhako wa Alhomwe umasonkhanitsa anthu zikwizikwi pa Chonde mu Okutobala, koma chikondwererocho chikatha, ndi ochepa amene amapitirira makilomita otsalawo kukaona phiri.

Pa Lichenya pali kanyumba ka mpingo wa CCAP komwe amishoni a ku Scotland adamanga mu 1899. Pa Chambe pali France's Cottage, yokumbutsa wa za nkhalango Fred France yemwe adakokoloka ndi madzi m'phirimu mu 1949, nkhani yomwe Laurens van der Post adailemba m'buku lake la Venture to the Interior. Nyumba zotere zimafuna denga, utoto ndi mlonda chaka ndi chaka.

Koposa zonse pali mbiri yosamangidwa ndi njerwa. UNESCO idalemba phirili makamaka chifukwa cha chikhalidwe: kwa Amang'anja, Ayao ndi Alomwe, m'phirimu mumakhala mizimu ya makolo. Akuluakulu amanena za chakudya chomwe munthu amachipeza chitakonzedwa m'njira, choti adye yekha osaitana mnzake. Pa Dziwe la Nkhalamba ankathirapo nsembe popempha mvula. Lero dziweli limadzaza ndi achinyamata Loweruka ndi pa tchuthi, zomwe n'zabwino, koma ena amasiya mabotolo ndi mapepala apulasitiki pamiyala, ndipo ambiri sadziwa kuti akusambira pamalo opatulika. Mantha a mizimu ankateteza nkhalango zina kuposa mlonda wa mfuti. Mantha amenewo akutha, ndipo palibe chomwe chalowa m'malo mwake.

Napolo wa 2023

Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adagwetsa mvula yosalekeza masiku angapo m'chigawo cha kumwera. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 adafa kapena kusowa, ndipo oposa 650,000 adasowa pokhala. Ku Mulanje ndi ku Phalombe matope, miyala ndi zigobo za mitengo zidatsika m'phiri n'kukwirira midzi, minda, milatho ndi misewu. Zipsera za zigumukirezo zikuonekabe m'nthiti mwa phiri. Achikulire adakumbukira napolo wa ku Phalombe wa mu Malichi 1991, yemwe adapha anthu mazanamazana.

Kunena kuti kudula mitengo ndi kumene kudabweretsa zonsezi kungakhale kunama. Mvula ya mlingo umenewo imagumula ngakhale malo a nkhalango yowirira. Koma pomwe mitengo idachoka madzi amathamanga kwambiri, mitsinje imadzaza mchenga, ndipo anthu omwe kusowa malo kudawakankhira m'mphepete mwa mitsinje ndi amene amayamba kukokoloka. Freddy adaonetsa kuti nkhani ya phirili ndi ya moyo wa anthu okhala m'munsi mwake isanakhale ya alendo.

Akudya za m'phiri ndani?

Mitsinje ya Ruo, Likhubula, Thuchila, Lichenya, Muloza, Sombani ndi Phalombe imachokera m'phirimu. Imathirira tiyi, imadzaza mipopi ya m'midzi, ndipo ku Bondo imapukusa makina a magetsi a bungwe la MEGA. Kuyambira mu 2019 Blantyre Water Board imatenga madzi ku Likhubula, ntchito yomwe idamangidwa ndi ngongole ya ku India kuti izipereka malita 20 miliyoni pa tsiku. Ntchitoyi isanayambe, anthu ena a ku Mulanje adaikana, ponena kuti mitengo ibzalidwe kaye. Ambiri adawaona ngati otsekereza chitukuko, koma funso lawo likadalipo: wotsegula mpopi mumzinda amabweza chiyani kwa amene akuuzidwa kuti asadule mtengo kumtunda kwa mtsinje?

Palinso miyala ya bauxite, yopangira aluminiyamu, yomwe idapezeka pa Lichenya m'zaka za m'ma 1920. Nkhani yoikumba imazilala n'kudzukanso, ndipo m'zaka zaposachedwa mafumu ndi anthu a m'derali aikana poyera. Miyalayi ili pamwamba penipeni pa nthaka, choncho kuikumba n'kusenda chikopa cha malo omwe mitsinje imayambira. Boma silingagulitse phiri lomwelo kawiri, kwa alendo ndi kwa okumba migodi.

Akulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Kwa bambo wa kwa Mabuka kapena kwa Mkanda, thumba la makala ndi ndalama ya lero, pomwe phindu la alendo ndi lonjezo. Kumudzudzula osasintha masamu amenewa n'kutaya nthawi.

Zomwe zikadali zotheka

Si zonse zatayika. Bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust, lomwe lidayamba ntchito chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, lachotsa paini m'malo ambiri ndipo limalemba anthu ganyu yolambula mipata yotchinga moto. Kuyambira mu 2016, mothandizana ndi Botanic Gardens Conservation International ndi Forestry Research Institute of Malawi, lidakhazikitsa manazale m'midzi yozungulira phiri, momwe anthu, ambiri mwa iwo amayi, amafesa mkungudza n'kugulitsa mbande. Mbewu zina zimachokera ku mikungudza yomwe idabzalidwa kalekale pa phiri la Zomba. Mbande zikwi mazanamazana zakwera m'phiri pamitu ya anthu, kudzera njira zomwe matabwa adatsikira. Apa pakuoneka kuti anthu omwewo amasamala phiri akamalipidwa chifukwa cholisamala.

M'pofunika kukulitsa zimenezi. Gawo lodziwika la ndalama zomwe alendo amalipira pa chipata ndi m'nyumba za m'phiri lizitsala m'boma la Mulanje ndi la Phalombe, ndipo makomiti a m'midzi aziona kuchuluka kwake. Ogwiritsa ntchito madzi ambiri a m'phirimu, kuyambira mabungwe ogulitsa madzi mpaka maesiteti, azipereka chaka ndi chaka ku thumba losamalira magwero a mitsinje. Milandu ya matabwa ndi makala izifika kwa eni magalimoto ndi ogula, isamathere pa wonyamula. Dipatimenti yoona za malo a mbiri ilambule Fort Lister, iikepo zikwangwani za m'Chichewa, ndipo operekeza alendo aphunzitsidwe mbiri ya linga, ya tiyi ndi ya malo opatulika kuti ulendo wa ku Mulanje usamathere pa kukwera Sapitwa kokha. Sukulu za ku Blantyre, Thyolo ndi Zomba zikhoza kudzaza nyumba za m'phiri miyezi yomwe alendo akunja kulibe. Pa nkhani ya migodi, boma linene mawu amodzi omveka, olembedwa.

Mkungudza umatenga zaka makumi angapo kuti ukhale mtengo weniweni, ndiye kuti amene akubzala lero sadzacheka thabwa lake. Chomwe m'badwo uno ungathe n'kuonetsetsa kuti mbandezo zapulumuka chilimwe chilichonse. Izi zimatheka pokhapokha ndalama ya olambula mipata ya moto ndi ya alonda ikafika mu Meyi ndi Juni, udzu usanaume. Aphungu a ku Mulanje ndi Phalombe, makhonsolo ndi unduna wa za chuma ayenera kufunsidwa za ndalama imeneyi chaka chilichonse bajeti isanadutse, chifukwa ikachedwa ndi miyezi iwiri yokha, zomwe zidabzalidwa m'dzinja zimakhala zitapsa.